Aulumali salandira ndalama ya boma, ndipo yakwana nthawi yoti ayambe

Nkhani ya anthu opemphapempha m'misewu ya Blantyre ndi Limbe ikangobuka, kaya pa wailesi kaya m'minibasi, sipapita nthawi wina asananene kuti: "Anthu amenewa boma limawapatsa ndalama mwezi ndi mwezi, kungoti anazolowera kupempha." Wina amavomereza, n'kuwonjezera kuti achimwene ake a ku Johannesburg anamuuza kuti olumala amalandira bwino zedi. Mawuwa amanenedwa motsimikiza, ndipo poti abwerezedwa kambirimbiri, ngakhale anthu amtima wabwino afika powakhulupirira. Koma si zoona. M'Malawi muno mulibe ndalama ya mwezi ndi mwezi imene munthu amalandira kuchokera ku boma chifukwa chakuti ali ndi ulumali. Maganizo anga ndi akuti ndalama imeneyi iyenera kukhalapo, yokhazikitsidwa ndi lamulo, yofika m'manja mwa mwini wake, kaya ali kumudzi kaya m'tauni, ndipo njira yoifunsira ikhale yodziwika kwa aliyense. Chimene chikuchedwetsa si kuchepa kwa chuma kokha ayi. Ndi chikhulupiriro chakuti nkhaniyi inakonzedwa kale, chifukwa palibe phungu amene angavutike kumenyera chinthu chomwe anthu ake akuganiza kuti chilipo.

Tisanapite patali, tidziwe kuti tikukamba za anthu angati. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, 10.4 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina, kutanthauza anthu oposa 1.5 miliyoni. Achialubino okha anapezeka 134,636. Mzinda wa Blantyre nthawi imeneyo unali ndi anthu pafupifupi 800,000, choncho aulumali a m'dziko muno akhoza kudzaza mzinda uno pafupifupi kawiri. Amene timawaona pa Victoria Avenue kapena pa depoti ya Limbe ndi kagulu kochepa kwambiri. Ambiri akudzigwirira ntchito, ena ndi aphunzitsi, atelala, osoka nsapato, ogulitsa mayunitsi. Koma enanso ambiri ali m'nyumba ku Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe, satuluka n'komwe, chifukwa kanjira kochoka pakhomo pawo kukafika pamsewu n'kokwera, kamiyala, kokumbika ndi madzi a mvula. Amenewa sapempha aliyense, ndiye satisokoneza, ndipo tikamatsutsana pa wailesi sitiwawerengera.

Tiyambe ndi mfundo ya amene amati aulumali amalandira kale. Anthuwa sakupeka za m'mutu, akunena za Mtukula Pakhomo, ndipo n'zoona kuti m'mabanja amene amalandira ndalamayi muli aulumali ambiri. Pulogalamuyi inayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Yathandiza anthu, sindikufuna kuichepetsa. Koma tiyang'ane mmene akhala akusankhira olandira kwa zaka zambiri. Salemba munthu, amalemba banja. Banjalo liyenera kukhala losaukitsitsa, komanso lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito wa zaka za pakati pa 19 ndi 64, apo ayi wamphamvuyo akhale kuti akusenza yekha anthu oposa atatu. Ndipo ngakhale oyenera atachuluka bwanji, malo alipo a mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse basi. Ndiye taganizirani mtsikana wosaona wa zaka 25 kwa Kunthembwe, amene akusungidwa ndi mlongo wake ndi mlamu wake omwe ali ndi ana awiri. Pakhomopo pali anthu awiri amphamvu, choncho banjalo silikwanira m'ndondomeko, ngakhale mtsikanayo alibe ndi tambala yomwe ya iye mwini. Tinene kuti mwamwayi banjalo lalembedwa. Ndalama ilandiridwa ndi mwini khomo, igula ufa, mchere ndi sopo wa onse, ndipo palibe angamudzudzule poti njala ndi ya onse. Koma ndodo yoyera ya mtsikanayo, thiransipoti yopitira ku chipatala cha maso ku Queens, ya iye ndi ya womuperekeza, zonsezi zidikira kaye. Kuwonjezera apo ndalamayo ndi yochepa. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 mitengo inakwera kwambiri, moti ya mwezi umodzi sigula thumba limodzi la chimanga nyengo ya njala.

Kwa ife a mumzinda nkhani ndi yovutirapo. Kwa zaka zambiri Mtukula Pakhomo wakhala wa kumidzi, woyendetsedwa kudzera m'makhonsolo a maboma, moti munthu wa ku Lirangwe ankatha kulembedwa pamene wa ku Mbayani, wosauka chimodzimodzi, ayi. Mizinda imakumbukiridwa pakagwa zadzidzidzi. Mu 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19, mabanja ena osauka a mu Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba analandira K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu kudzera pa foni. Ine ndikuona ngati chikhulupiriro chija chinakulira pamenepa. Anthu anaona oyandikana nawo akupita kwa ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money kukatapa ndalama ya boma, n'kuganiza kuti zikhala choncho mpaka kalekale. Miyezi itatu itatha ndalama inathera pomwepo, mbiri yake yokha ndiyo inatsala. Tsono m'tauni mulibe munda woti ungathyolemo nkhwani. Lendi, madzi a pa kiyosiki, makala, ngakhale chimbudzi cha mumsika, zonse n'zolipira. Munthu amene thupi lake silimulola kulawirira ku Lunzu kukapikula tomato, akapanda kupeza ndalama lero, lero lomwelo agona ndi njala.

Ena amati, nanga MACOHA, bungwe la boma loona za aulumali, ntchito yake n'chiyani? Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, ndipo a mu Blantyre timalidziwa bwino chifukwa cha fakitale yoluka ya ku Bangwe ndi sukulu ya ntchito zamanja ya ku Magomero. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 linalowa m'malo mwa lija la 1971 ndi la 2012, ndipo bungweli tsopano ndi MACODA. Ntchito yake ndi maphunziro, kuthandiza anthu kuti adziimire paokha ndi kuyang'anira ufulu wawo. Sililipira munthu pakutha pa mwezi. Thumba la ndalama lomwe lamulo la 2012 linakhazikitsa ndi lothandizira ntchito zokhudza aulumali, si loti munthu azikatapako yogulira chakudya. Za ku South Africa zija n'zoona ndithu: kumeneko bungwe la SASSA limapereka ndalama yoposa R2,000 pamwezi kwa munthu wosauka amene dokotala watsimikiza kuti ulumali wake ukumulepheretsa kugwira ntchito, ndipo pali inanso ya makolo osamalira mwana wolumala kwambiri. Koma limenelo ndi lamulo la kumeneko, kuno silinafike.

Gulu lachiwiri ndi la odziwa malamulo, amene amayankha kuti njira zopezera ndalama zilipo kale, kungoti anthu sazitsata. Apa ndigwirizana nawo theka, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa anthu ambiri akutaya ndalama zawo kaamba kosadziwa. Munthu akavulala pa ntchito, lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la 2000 limati wolemba ntchito ndiye alipire. Si chifundo cha bwana, ndiponso wovulalayo safunika kuonetsa kuti bwana ndi amene analakwa. Chachikulu n'chakuti ngoziyo yachitika ali pa ntchito ndiponso chifukwa cha ntchitoyo. Ngozi inenedwe kwa bwana msanga, bwana akanene ku ofesi ya leba, dokotala ayeze kuti thupi lawonongeka magawo angati pa 100, kenako a zachipukutamisozi awerengere ndalama. Amene walumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito amayenera kulandira malipiro a miyezi 54 pakamodzi, ndipo amene walumala pang'ono amalandira gawo la ndalama imeneyo molingana ndi zimene dokotala walemba. Mwachitsanzo, wa malipiro a K150,000 amene dokotala wamulembera 20 pa 100, ndalama yake ikhala K1,620,000. Koma nkhani zomwe timamva n'zina. Mnyamata makina amudula zala, bwana amuthamangitsira ku chipatala pa galimoto yake, amupatsa kenakake m'manja, amusayinitsa pepala lachingerezi lomwe sanawerenge, mwezi wamawa ntchito yatha. Mnyamatayo amapita kwawo akuyamika kuti bwana ndi munthu wabwino. Kwa aliyense amene zamugwera ndinene kuti: musasayine chomwe simunachimvetse, sungani buku la kuchipatala ndi mapepala olandirira malipiro, lembani mayina a amene anaona ngoziyo, ndipo musazengereze chifukwa lamulo lili ndi nthawi yake. Bwana akakana kukanena, pitani nokha ku leba. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Blantyre momwe muno.

Chimodzimodzinso penshoni. Ambiri amaganiza kuti ndalama imeneyi, yomwe bwana amasonkha 10 pa 100 ndipo wantchito 5 pa 100, siituluka mpaka munthu atakalamba. Koma dokotala wovomerezeka akatsimikiza kuti munthu sangathenso kugwira ntchito, lamulo limamulola kulandira asanafike zaka zopumira. Wogundidwa ndi galimoto naye ali ndi ufulu wofunsa chipukutamisozi ku kampani ya inshulansi ya galimotoyo, atatenga lipoti la apolisi ndi la dokotala. Zonsezi n'zoona, ndipo ziyenera kulengezedwa m'Chichewa pa wailesi mpaka aliyense azidziwe. Koma theka lina limene sindigwirizana nawo ndi ili: njira zitatu zonsezi zimafuna kuti pakhale bwana wolembetsedwa kapena galimoto ya inshulansi. Kodi mu Blantyre muno ndi angati ali pa ntchito yolembedwa? Ochuluka ndi a geni ndi a maganyu. Mwana amene wabadwa ndi vuto la mu ubongo chifukwa mayi ake anavutika pobereka alibe bwana. Mayi wogulitsa mandasi amene wafa ziwalo ndi sitiroko alibe penshoni. Bambo amene wadulidwa mwendo chifukwa cha shuga alibe woti amusumire. Wogundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza yopanda inshulansi, woyendetsa wake n'kuthawa, akadandaula kwa yani? Nanga aja anapulumuka m'matope a namondwe Freddy ku Chilobwe mu Malichi 2023 koma miyendo ndi misana itathyoka? Akuluakulu anati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Ndipo chikamadza sichifunsa ngati munthuyo ali ndi kalata ya ntchito.

Achitatu amati kusamalira wolumala ndi udindo wa abale, ndi mmene takhalira kuyambira kale, boma lisalowerere za m'banja. Mfundoyi ndimailemekeza, chifukwa pakanapanda abale, aulumali ambiri bwenzi kulibe. Koma tikamati abale, kawirikawiri tikunena mayi mmodzi. Imirirani m'mawa pamsewu wolowera ku Queens kapena ku Beit CURE, muona mayi atabereka mwana wa zaka 10 kapena kuposa, miyendo ya mwanayo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayi ake, chitenje chamangidwa kawiri pachifuwa kuti chisamasuke, m'manja muli jumbo ya matewera ndi botolo la phala. Mayi ameneyo tsiku limenelo sanagulitse kanthu, ndipo mawa sangapite kukachapa kwa anthu chifukwa palibe womusiyira mwana. Nthawi zambiri bambo anachoka kalekale, mwina achibale atamuuza kuti zoterezi kumtundu kwawo kulibe. Ndiye banja likugwira kale ntchito yake, mopitirira mphamvu zake. Ndalama ya boma siilanda udindo wa mayiyu, ingomuthandiza kuti asagwe nawo.

Mfundo yachinayi ndi yolemera kuposa zonse, chifukwa imanenedwanso ndi aulumali eni ake. Iwo amati ulumali si kulephera, safuna kupatsidwa, akufuna sukulu, ntchito ndi mpamba. Amaopa kuti ndalama yaulere ibwezeretsa maganizo akale oti wolumala ndi munthu wongomvera chisoni, ndipo ena amawonjezera kuti ibweretsa ulesi. Za sukulu ndi ntchito ndikuvomereza kotheratu. Koma amene amati tisankhe chimodzi, luso kapena ndalama, sanawerengere mtengo wa ulumali. Tsiku lina masana pa siteji ku Limbe ndinaona mayi wina ali pa njinga ya olumala akudikira minibasi yopita m'tauni. Oitanira ankamudutsa ngati sakumuona, kumakokera anthu ena m'kati. Pamapeto pake kondakitala wina anaima n'kunena kuti: "Mayi, njingayi itenga malo a munthu, ndiye mulipira awiri." Mayiyo sanatsutse, anangomasula mfundo ya chitenje n'kuwerenga ndalama. Anyamata awiri anamunyamula kumukhazika kutsogolo, njinga anaipinda n'kuikankhira kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Pobwerera madzulo zikhala chimodzimodzi. Ulendo umene inu ndi ine timalipira kamodzi, iye amalipira kawiri, tsiku lililonse lomwe wafuna kutuluka. Wachialubino amafunika mafuta oteteza khungu, chipewa chachikulu, zovala zamanja aatali ndi magalasi, ndipo ganyu ya padzuwa kwa iye ndi njira ya ku khansa ya pakhungu. Wosamva akapita ku chipatala kapena ku khoti amafunika womasulira. Njinga imatha matayala, ndodo zimatha mphira, mwendo wochita kupanga umafuna kusintha mwana akamakula.

Choncho telala amene waphunzira ku Magomero ndi telala mnzake wa pakhonde lomwelo ku Ndirande sayambira pamodzi. Woyambayo asanasoke ngakhale siketi imodzi, ndalama yatuluka kale. Ndalama ndikunenayi ntchito yake ndi kutseka dzenje limenelo, kuti luso lija lipeze poyambira. Za ulesi, umboni tili nawo kuno konkuno. Pakati pa 2013 ndi 2015 akatswiri a Centre for Social Research ku Zomba pamodzi ndi a University of North Carolina anatsatira mabanja olandira Mtukula Pakhomo ku Salima ndi Mangochi. Anapeza kuti mabanjawo ankadya bwinoko, ana ambiri ankapita ku sukulu, ndipo anagula nkhuku, mbuzi ndi zipangizo zaulimi. Munthu wosauka akadziwa kuti pali kenakake kobwera mwezi uliwonse amayamba kukonza za mawa, amalowa banki m'khonde, amasiya katapila. Koma pali chinthu chimodzi chomwe opanga lamulo ayenera kusamala: ndalamayi isamadulidwe munthu akangoyamba kageni kapena kupeza kantchito. Ikamadulidwa, ndiye kuti boma lenilenilo likuuza anthu kuti akhale pansi, ndipo oopa ulesi aja adzakhala kuti ananena zoona.

Tsopano funso lomwe aliyense ali nalo: ndalama ichokera kuti? Otsutsa amati dziko lili m'ngongole, m'zipatala mankhwala akusowa, ndalama zakunja kulibe, ndipo ngakhale Mtukula Pakhomo yemweyo gawo lalikulu amalipira ndi abwenzi akunja monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland, pamene boma kwa zaka zambiri lakhala likulipira Thyolo yokha. Akunena zoona, ndipo kutiyerekeza ndi South Africa sikungathandize poti chuma chathu n'chosiyana kutalitali. Koma palibe akunena kuti anthu 1.5 miliyoni onse ayambe kulandira mawa. Ambiri mwa iwo vuto lawo ndi la magalasi kapena kumva movutikira, ndipo chomwe akufuna ndi chipatala chabwino. Tiyambe ndi olumala kwambiri, amene sangathe kudzisambitsa, kudzidyetsa kapena kuyenda popanda wina, ndi ana ofuna chisamaliro usana ndi usiku. Anzathu a ku Zambia, amene mavuto awo a ngongole tonse tikuwadziwa, banja lomwe lili ndi munthu wolumala kwambiri amalipatsa ndalama yowirikiza kawiri poyerekeza ndi mabanja ena. Kenya ili ndi pulogalamu yakeyake ya anthu olumala kwambiri. Kuno kwathu, kwa zaka zingapo kuyambira 2020 boma linkaika ndalama zoposa K100 biliyoni pachaka ku feteleza wotsika mtengo wa AIP. Sindikuti feteleza ndi wosafunika. Ndikuti pulogalamu imeneyo imathandiza amene ali ndi munda ndi mphamvu zolimira, ndipo inapezeredwa ndalama chifukwa andale amadziwa kuti ili ndi mavoti. Kusankha kumeneku ndi kwa anthu, si kwa chilengedwe. Komanso tinalonjeza kale. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kutukula miyoyo ya aulumali, gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo 28 limanena mosabisa za kuthandiza osauka pa ndalama zomwe amawononga chifukwa cha ulumali.

Otsiriza ndi amene amati anthu adzanamiza, amphamvu zawo adzadzilemba kuti ndi olumala, mafumu ndi makomiti adzalemba abale awo, ndipo oyenerawo adzatsala. Mantha amenewa ali ndi maziko. Tonse tamvapo za mayina olowetsedwa usiku pa mndandanda wa makuponi kapena chimanga chaulere. Koma tifunse kuti chinyengo chimakula pati. Chimakula pamene malo ndi owerengeka, oyenera ndi ambiri, ndipo wosankha ndi munthu mmodzi kapena kagulu kokumana mobisa. Pamene lamulo likunena poyera kuti aliyense wofika pa muyezo wakutiwakuti alandira, palibe chifukwa chogulira malo a mnzako. Ndiponso tisamale ndi amene timawatcha onamiza. Munthu wa khunyu amaoneka wamphamvu mpaka tsiku lomwe wagwera pamoto. Wa matenda a maganizo akhoza kukupatsani moni bwinobwino koma osatha kukhala pa ntchito sabata imodzi. Wina amadzuka pa njinga n'kuyenda mapazi asanu kulowa m'nyumba, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti amangonamizira, osadziwa ululu umene wamva pa mapazi asanuwo. Ndondomeko yomangidwa pa kukayikira aliyense imagwira akuba ochepa, koma imabweza odwala ambiri, chifukwa wakuba ali ndi mphamvu ndi ndalama zoyendera maofesi pamene wodwala alibe.

N'chifukwa chake njira yofunsira ndi yofunika ngati ndalama yomweyo. Lero munthu amadikira kuti alembi adzafike m'dera lake, ndipo akamuphonya, kapena akalumala iwo atadutsa kale, adikira zaka. M'malo mwake munthu azitha kukafunsa yekha tsiku lililonse, kapena kutuma wachibale, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, atatenga chiphaso cha unzika chomwe tili nacho kuyambira 2017. Fomu ikhale yaulere, ya m'Chichewa, ndipo izi zilembedwe pakhomo pa ofesi kuti madobadoba asapeze podyera. Ngakhale panopa, aliyense woimba foni kuti tumizani ndalama tikulembeni pa Mtukula Pakhomo, kapena wofunsa nambala yanu yachinsinsi, ndi wakuba, chifukwa kulembedwa sikulipiritsa. Kuyeza kusakhale ku Queens kokha. Zipatala za ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Limbe ndi Bangwe zikhale ndi masiku ake oyezera, ndipo amene sangathe kutuluka m'nyumba alangizi a zaumoyo amupeze komweko, monga amachitira ndi katemera. Woyezayo asangoyang'ana dzina la matenda, afunse zomwe munthuyo amatha ndi zomwe satha pa tsiku: kusamba, kuphika, kutunga madzi, kufika pa siteji. Amene anadulidwa mwendo kapena anabadwa wosaona asamaitanidwe chaka ndi chaka kudzatsimikiza chinthu chomwe sichisintha. M'komiti yoona madandaulo mukhale nthumwi za FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a aulumali, ndi mabungwe ake, a osaona, a osamva, a achialubino ndi a makolo a ana aulumali, chifukwa iwo amadziwa msanga pamene mnzawo akuponderezedwa komanso pamene wina akunamiza. Ndipo munthu akakanidwa asamangouzidwa pakamwa kuti "dzina lanu silinatuluke". Apatsidwe kalata yonena chifukwa chake, yosayinidwa ndi amene wapanga chiganizocho, yotchula masiku omwe ali nawo ochitira apilo ndi ofesi yokaperekako. Ndi kalata yoteroyo m'manja akhoza kupita kwa Ombudsman kapena ku khoti, ndipo wosaonayo auzidwe zomwe zalembedwamo pamaso pa mboni yomwe wadzisankhira yekha.